Azakhali a Rozina, Ong'amba Madzi

Tsiku limene tinaika azakhali a Rozina, amayi ophika pamaliro anasowa sipuni m'nyumba mwawo. Osati kuti munalibe. Analimo ambiri, odzaza chitini pawindo, koma yamphumphu panalibe ndi imodzi yomwe. Ina inali yodyeka m'mphepete ngati tsamba la mpiru lomwe mbozi zagonapo, ina yakuda, ina yobooledwa pogwirira kuti pazilowa waya. Mayi ena a kumpingo anatola imodzi ndi zala ziwiri, anaiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.

"Ndi omwe aja awa?"

"Ndi omwewo, amayi."

Anaibweza m'chitinimo, anapukuta zala pachitenje, n'kupita kukatenga masipuni kunyumba kwawo.

Azakhali anali mlongo wa bambo anga. Kuno kwa Mwambo, kuyambira kusikimu ya mpunga ya Likangala mpaka kugombe la Chilwa, dzina loti Rozina tinkalidziwa abale okha. Ena onse ankangoti Madamu. Anaphunzitsa sayansi m'masekondale oyendera mpaka imvi zinadzaza mutu, ndipo mwa sukulu zonse zomwe anadutsamo panalibe yomwe inali ndi labu. Chaka chilichonse akafika pamutu wa madzi, ankatenga choko n'kujambula pabolodi chikho, timitengo tiwiri tachitsulo m'chikhomo, waya, batire, ndi timadontho toimira thovu. Ankawauza ana kuti madzi omwe timamwawa ndi mipweya iwiri yogwirana, haidrojeni ndi okosijeni, ndipo ukadutsitsamo magetsi imasiyana: wina umatulukira kuchitsulo cha kumainasi, wina cha kupulasi. Ana ankakopera, belu n'kulira, wina n'kudzafufuta. Buku linkati timitengoto tikhale ta pulatinamu, chitsulo chosowa kuposa golide. Azakhali sanachionepo, ndipo sankadziwa munthu aliyense amene anachiona.

Ankakonda kunena kuti anatha moyo wawo akugulitsa nsomba yomwe sanaione m'maso, ndipo kuti manda awadikire mpaka ataona thovu lija ndi maso awoawo. Atapuma ntchito n'kubwerera pamalo a amayi awo, ife tinkayembekeza kuti ayamba ndi malata, chifukwa denga linkadontha. Iwo anayamba ndi batire yakale ya galimoto. Anabwera nayo pa kabaza ataikumbatira pamiyendo ngati khanda.

Kuyambira pamenepo chitsulo chilichonse cholowa pakhomo pawo chinali pamavuto. Ankagwirira ntchito kuseri kwa nyumba, panja, patebulo lamatabwa, chifukwa ankati mpweya umenewu suseweredwa m'nyumba. Anayamba ndi misomali. Madzi anasanduka obiriwira, kenako ofiira ngati chithaphwi cha mvula yoyamba, ndipo msomali wa kupulasi unaonda mpaka kuthyoka. Anayesa waya wa mkuwa womwe anachotsa mu wailesi yakufa. Madzi anakongola zedi, koma kupulasi thovu silinaoneke, mkuwa womwewo ndiwo unkasungunuka. Anadula chivundikiro cha poto, ndipo m'chikho munachita phala loyera loterera ngati therere. Masipoko a njinga, chidutswa cha lata, kiyi wopanda loko wake, foloko, zonse zinadutsa m'chikho chimenecho.

Zimene ankapeza ankauza aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Kumainasi, ankatero, ikako chilichonse, chimatulukako bwinobwino. Nkhondo ili kupulasi, kumene chitsulo chimadyeka m'malo moti madzi ang'ambike. Ukawafunsa kuti nanga chitsulo chabwino n'chiti, ankati funso lako ndi la mwendo umodzi, uyambe wanena kaye kuti madzi ake ndi otani. Sipuni ya sitenilesi mu chidulo, chomwechi timathira m'therere, inkakhala tsiku lonse ili mbee, thovu likukwera mbali zonse ziwiri, lambiri kumainasi. Sipuni yomweyo ukaiika m'madzi a mchere, kapena a m'nyanja yathuyi nthawi ya chilimwe ikaphwa n'kuyamba kuwawa, inkachita zibowo ndipo madzi ankasanduka achikasu. M'madzi a mchere chomwe chinkapirira chinali kamtengo kakuda ka pakati pa batire ya tochi. Ankaswa batire yakufa, n'kukasolola, n'kukatsuka ndi mchenga. Ukakatcha kachitsulo ankakudzudzula pomwepo. Ndi khala, ankatero, m'bale wake wa makala a pambaula, ndipo nalonso limanyenyeka pang'onopang'ono n'kudetsa madzi, koma silisungunukira m'madzimo ngati anzake aja.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala duu, akuyang'ana mphete yawo. Amuna awo, a Mulekano, anali atamwalira kalekale. Mpheteyo anabwera nayo ali mnyamata pochokera ku Joni, ndipo anawauza azakhali kuti ndi golide weniweni.

"Golide sadyeka mu chidulo," anatero azakhali.

"Azakhali, musatero. Ndi ya ukwati imeneyo."

"Ndiye ukwati ukuopa chidulo?"

Anaivula ndi sopo, anaimanga kuwaya wa kupulasi, n'kuimiza. Sipanatenge nthawi. Pozungulira mpheteyo panayamba kufuka kamtambo kobiriwira m'madzimo. Unali mkuwa. Ine ndinayang'ana kumbali, sindinafune kuona nkhope yawo. Ndinangomva kuseka. Anaseka mpaka misozi, akumenya tebulo ndi chikhatho.

"A Mulekano, akathyali inu! Zaka zonse zija!"

Anaitsuka n'kuivalanso, yakuda mbali imodzi, ndipo anaikidwa nayo. Ankati tsopano ndi pamene akuikonda, chifukwa akuidziwa.

Munthu amene ankakangana nawo kuposa wina aliyense anali Che Yusufu, msodzi wakale. Miyendo itayamba kuwavuta anasiya bwato n'kuika sola padenga la kagolosale kawo, kumatchaja mafoni a anthu. Batire ya azakhali inkatchajidwa kumeneko, ndipo Che Yusufu ankaibweza okha panjinga kuti apeze pokangana.

"Madamu, Mulungu anamanga madzi pamodzi. Inu ndinu ndani kuti muwamasule?"

"Nanga matemba aja Mulungu anawalenga ouma, Che Yusufu? Bwanji munkawayanika?"

"Amenewo timadya. Mpweya wanuwo mudyera chiyani?"

"Si zonse zopita m'mimba."

Ankachoka akupukusa mutu. Koma patapita masiku ankabweranso ndi jumbo ya mabatire akufa, omwe ankatolera kwa asodzi ogona pa zimbowera, timisasa tija timayandama pakati pa nyanja. Ankaiponya pakhonde n'kunena kuti angoona kuti ndi zinyalala. Tsiku lina azakhali anakola haidrojeni m'kabotolo ka mankhwala, anawauza Che Yusufu kuti ayandikire, n'kuloza kaudzu koyaka kukamwa kwa kabotoloko. Kanalira phu! Che Yusufu anadumpha mpaka kofiya kugwera m'fumbi. Anakhala nthawi osawalankhula azakhali, koma jumbo ya mabatire inkapezeka pakhonde m'mawa chimodzimodzi.

Ndi mwana wawo Maliko mkangano unali wopanda chiseko. Maliko ndi mwana yekhayo amene azakhali anabereka, ndipo amagwira ntchito mu ofesi kutauni ku Zomba. Ankafuna amayi ake azikhala ngati amayi a anzake, oimba kwaya ndi kulera zidzukulu. Anawagulira bokosi la masipuni atsopano n'kuwauza kuti awa ndi a alendo, asawakhudze. Ulendo wotsatira anawapeza onse ali ndi zibowo pogwirira.

"Amayi, mukundichititsa manyazi. Anthu akulankhula."

"Akuti chiyani?"

"Akuti mutu wazungulira. Ena akunena zoposa pamenepo."

"Awa wagula abwino, Maliko," anatero azakhali, akukhudzitsa sipuni kumaginito yomwe anachotsa mu sipika. "Taona, maginito sakuigwira. Zikatere ndiye kuti ipirira. Ukagulenso omwewa."

Zoposa pamenepo zomwe Maliko ankanena zinachokera ku mabotolo. Madzi otsala m'chikho azakhali sankawataya. Ankati obiriwira a mkuwa aja amapha nsomba ndi ana a achule, ndipo achikasu a sipuni mu mchere ndiwo oopsa kuposa onse, chifukwa mu sitenilesi muli chitsulo china chomwe chikasungunuka chotero chimasanduka chiphe. Atadziwa zimenezi anasiya kusakaniza sipuni ndi mchere, koma omwe anali atapangidwa kale anali atapangidwa. Ankawathira m'mabotolo, kutseka bwino, n'kuwandandalika m'mbali mwa khoma la kuseri, kutali ndi chitsime, pomwe mbuzi sizikanafika. Obiriwira, achikasu, ofiira, oyera, akuda. Munthu wodutsa panjira yopita kudambo ankawaona onse. Mayi wokalamba, wamasiye, wokhala yekha, wolankhula yekha kuseri kwa nyumba, mwana wake zikumuyendera kutauni, ndipo pakhoma pali mabotolo amitundumitundu. Kwathu kuno zimenezo zimakwana.

Chaka china mvula inagwa yosaleka. Zimbudzi zinadzaza n'kusefukira, ndipo kolera inalowa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Pa mabanja oyandikana ndi azakhali inatenga kamtsikana kotchedwa Tereza, kosayamba n'komwe sukulu. Kanayamba kutsegula m'mimba m'mawa, ndipo tsiku lotsatira anthu anali akukumba manda. Pamaliro wina ananena kuti mwanayo anaoneka akudutsa pafupi ndi mabotolo aja. Kutacha nkhani inali itakula, ankati Madamu anam'mwetsa.

Tsiku limenelo ndinali pakhomopo, ndinawabweretsera mpunga. Anali masana, mvula itangokata. Tinamva phokoso kumsewu ngati la pamsika, likuyandikira.

"Azakhali, tiyeni tidutse kuseri tithawire kusikimu. Kumeneko kuli anthu."

"Ndithawe pamalo a amayi anga? Gwira uko tebuloli."

Tinalinyamula kulichotsa kuseri n'kuliika pabwalo, maso kumsewu. Anaikapo chikho cha chidulo, masipuni ake, n'kulumikiza mawaya. Gulu lija pofika, thovu linali likukwera.

Patsogolo panali Pilirani, malume ake a mwanayo, chibonga chili m'manja. Kumbuyo amayi ena anali atagwirizira amake Tereza, maso atatupa, chitenje chili chonyowa mpaka m'maondo.

"Agogo, tabwera mutiuze chomwe munam'mwetsa mwana."

"Sindinam'mwetse kanthu, a Pilirani. Pepani ndi zovutazi. Khalani pansi ndikuonetseni chomwe ndimachita, palibe chobisa."

"Sitinabwerere sukulu ife!"

Anyamata ena anathamangira kuseri. Tinamva magalasi akusweka, limodzi, kenako ambiri nthawi imodzi. Azakhali, amene sanaphethire n'komwe poona chibonga, anadzambatuka akukuwa. Sindinkadziwa kuti angathe kuthamanga. Kuseriko mitundu yonse ija inali itasakanikirana ndi madzi a mvula, ndipo inkatsetsereka ndi kangalande kolowera kunjira ya kuchitsime.

"Khasu! Bweretsani khasu! Ngati mwabwera kudzandipha mundipha, koma yambani mwatseka madziwa asafike kuchitsime!"

"Mwamva!" wina anafuula m'gulumo. "Wavomera yekha kuti n'chiphe!"

"N'chiphe, inde! N'chifukwa chake chinali m'botolo, chitsiru iwe!"

Mwala unawamenya pamwamba pa diso. Anagwa chogwada m'matope. Ndinaganiza kuti basi zatha, koma iwo ali chigwadire anayamba kukokera matope ndi manja, kutseka kangalandeko, magazi akutsikira pachibwano n'kumadonthera pamikono. Ndinathamanga kukatenga khasu. Palibe anatithandiza. Koma palibenso anasendera. Anthuwo anabwera kudzagwira mfiti, ndipo chomwe chinali pamaso pawo chinali gogo wokha magazi akukumba matope ndi zikhadabo pakati pa magalasi.

Che Yusufu anafika nthawi imeneyo, akukankha njinga, akutsimphina. Anaigoneka pansi pakati pa ife ndi gululo.

"Walahi, amene aponyenso mwala ayambe ine. Mabatire onsewa ndimabweretsa ndine. Magetsi ake amachokera padenga panga, pomwe mafoni anu amaswera. Ngati Madamu ndi mfiti, ine ndine wantchito wawo, ndipo mafoni anu onse analodzedwa kalekale."

Wina anayamba kuseka n'kudzigwira. Kenako amake Tereza anadzichotsa m'manja mwa owagwira, anadutsa pakati pa anthu, analumpha njinga ija, n'kuima pamutu pa azakhali. Mawu awo anali otsika, osasa ndi kulira.

"Madamu, ngati si inu, mwana wanga wafa ndi chiyani?"

Mumtima ndinapemphera kuti azakhali anene zofewa, zoti ndi chifuniro cha Mulungu, zomwe aliyense amanena pamaliro. Iwo anapukuta diso ndi kuseri kwa dzanja n'kuyang'ana m'mwamba.

"Ndi madzi, amake Tereza. Koma si awa. Ndi a pachitsime chija, chalowa za m'zimbudzi. Nanenso ndimatunga pomwepo."

"Ndiye mukuti ndam'pha ndine? Ine amene ndinam'patsa kapu?"

"Ayi. Simunam'phe inu, ndipo sindinam'phe ine. Ndikudziwa kuti mukufuna munthu woti mum'loze chala. Ndikanakhala ine ndikanafunanso. Koma sindivomera bodza kuti mtima wanu upume, chifukwa mawa mwana wina akatunganso pompaja."

Amake Tereza anakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, kulira kotulutsa dzina la mwana mobwerezabwereza. Amayi anzawo anawadzutsa n'kunyamuka nawo, ndipo gulu linawatsatira. Sindinganene kuti anthu anakhulupirira. Anachoka chifukwa mwini maliro anachoka. Pilirani podutsa pabwalo anagubuduza tebulo ndi mwendo, n'kunena kuti mwezi ukatha akawapezabe pamenepo, nyumbayo aiyatsa.

Madzulo amenewo tinapala dothi lonse lonyowa ndi madzi aja, pamodzi ndi magalasi, n'kulithira mu mgolo wakale. Azakhali anakana kumangidwa bala mpaka mgolowo utavundikiridwa.

Maliko anafika m'mawa mwake ndi galimoto yobwereka. Anagwada pakhonde, munthu wamkulu wa taye, n'kuwapempha amayi ake kuti akwere. Anakana. Madzulo kunabwera akuluakulu a mpingo, anthu abwino, ofuna mtendere. Anati chofunika n'chochepa: Madamu asiye za mabatirezo, ndipo Lamulungu aime kutsogolo anene kuti azisiya, mudzi uzizire.

"Ndikasiya lero," anatero azakhali, "ndiye kuti ndavomera kuti ndinapha Tereza. Mundiuze tchimo lake la sipuni, ndilapa. Ngati palibe, imwani tiyi wanu asanazizire."

Bambo anga, omwe anali adakali moyo nthawi imeneyo, atamva sanadabwe. Anati mlongo wawoyo anabadwa choncho. Anatiuza kuti ali mtsikana, atangotuluka kuchinamwali, akuluakulu anamupezera mwamuna wa minda yambiri. Rozina anadzuka m'mamawa, anamanga diresi lake la sukulu mu mpango, n'kuyenda wapansi mpaka kumishoni, komwe anakhala pakhomo la aphunzitsi mpaka anam'lembanso. Agogo athu aamuna anapita kukam'tenga ndi ndodo, n'kubwerako okha, ndodo ili kukhwapa.

M'mawa wotsatira azakhali anandiitana kuti tinyamulenso tebulo. Ndinaganiza kuti tikulibwezera kuseri. Iwo analoza kumsewu. Tinaliika m'mphepete mwenimweni, pomwe aliyense wopita kusikimu kapena kugombe sakanatha kulilambalala. Anati popeza kuseri kwa nyumba ndi kwa afiti, ndiye azichita pomwe mudzi wonse ukuona.

Atakhala pamenepo, bandeji ili pamphumi, anasiya kaye masipuni ndi chidulo. Anatenga makala a m'batire ndi madzi a mchere, mu ndowa, mphepo ikuwomba kumsana. Ankadziwa kale kuti ukang'amba madzi a mchere, kupulasi kumatuluka kolorini, ndipo akasakanikirana m'ndowamo madziwo amanunkha ngati m'chipatala. Kale ankaona ngati ndi chosokoneza. Tsopano ndi chomwe ankafuna. Ankayesa mphamvu yake poviika kansanza ka chitenje, kakayera ankadziwa kuti agwira. Ankauza odutsa kuti atenge akatsukire ndowa, zimbudzi ndi pansi pomwe wodwala wagona. Koma kumwa ankakaniza kwamtuwagalu. Ankati alibe choyezera chenicheni, ndipo sangaike m'mimba mwa munthu chinthu chomwe sakudziwa mlingo wake. Akumwa, ankatero, wiritsani, kapena thirani mankhwala omwe alangizi a zaumoyo akugawa.

Poyamba wotenga anali Che Yusufu okha, ankapititsira asodzi kuti azitsukira zigubu. Kenako mayi mmodzi, kenako wina, ambiri mwa iwo potuma munthu. Ena sanatengeko mpaka mliri unatha. Anthu ankawolokera tsidya lina la msewu akafika pamenepo, ndipo mwana akaima kuti aone thovu ankakokedwa ndi dzanja mpaka kulira. Kutchalitchi benchi ya azakhali inkakhala ndi iwo ndi ine basi. Azakhali sanasiye kupitako, ndipo ankaimba mokweza kuposa kale, ngakhale mawu awo sanali a kwaya. Pamsewu ankapereka moni kwa aliyense ndi dzina lake. M'mawa uliwonse Pilirani akamadutsa ndi khasu ankamva, "Mwadzuka bwanji, a Pilirani?" Sanayankhepo mpaka azakhali kumwalira. Koma mwezi uja unatha, ina inatsatira, ndipo nyumba sinayake.

Itatha nyengo yokolola mpunga, amake Tereza anaima tsiku lina tsidya la msewu, mtolo uli pamutu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Kakudako n'chiyani?"

"Ndi khala."

"Limachokera kuti?"

"M'batire ya tochi, ikatha."

Anapitiriza ulendo. Patapita masiku anadutsanso, ulendo uno mbali ya tebulo, anasiya mabatire akufa angapo pangodya, osaima, osalankhula. Azakhali nawonso sanathokoze, anangowatenga n'kuyamba kuswa. Sanakhale mabwenzi. Pamaliro a azakhali amake Tereza anabwera, anakhala patali, ndipo sanaimbe.

Zaka zomaliza maso a azakhali anachita khungu ndipo zala zinaleka kumvera. Ankalephera kupota waya pasipuni, ndiye ndikabwera ankandiuza ndiwapotere, akundikalipira kuti ndasinthanitsa pulasi ndi mainasi ngakhale sankaona. Thovu sankalionanso. Ankaweramira chikho, khutu pafupi ndi madzi, n'kumamvetsera kaphokoso kake kaja, kofanana ndi ka thobwa lowira. Akakamva ankagwedeza mutu n'kukhala tsonga, nkhope kumsewu. Maliko anayesanso kuwatenga nthawi yozizira itayamba, chifuwa chitawagwira. Anamuuza kuti akafuna kuwanyamula adikire, posachedwa awanyamula osavuta. Anamwalira m'nyumba mwawo momwemo, mphepo ya mwera ikuwomba kuchokera kunyanja.

Mwezi uno chatha chaka chimwalirireni azakhali. Ndinapitako sabata yatha kukasesa pamanda, ndipo pobwerera ndinadzera pakhomopo. Chitseko chili ndi loko. Maliko sanaganizebe chochita nayo nyumbayo. Mavu amanga pawindo la kuchipinda, chiswe chakwera mzati wa khonde mpaka pakati, ndipo denga lagwera m'kati mbali ya kukhitchini. Anthu atsegula njira yachidule yopita kudambo, yodutsa pansi pa zenera lenilenilo, pomwe kale munthu sakanaponda. Tebulo kulibe, sindikudziwa amene analitenga.

Bwalo lawo ndi lalikulu ndi losalala, ndipo dzuwa limafikapo tsiku lonse, ndiye oyandikana nawo akuyanikapo mpunga. Ndinapeza malona atayalidwa kuyambira pakhonde mpaka kumpanda, mpunga uli wachikasu, ndipo mkazi wa Pilirani akuutembenuza ndi mapazi. Anandipatsa moni mwaulemu n'kundifunsa ngati a Maliko angadandaule. Ndinati sindikuganiza choncho.

Malonawo adzaza bwalo lonse, ena mpaka kusanjikizana posowa malo. Koma m'mphepete mwa msewu, pomwe azakhali ankakhala, pali kadanga kokula ngati mkeka komwe sanayalepo kanthu. Ndinafunsa chifukwa chake. Mkazi wa Pilirani anayang'anako, kenako n'kuyang'ana mpunga wake.

"Palibe. Tangozolowera."

Pamenepo dothi ndi lolimba, lopondedwa ndi mapazi a munthu mmodzi zaka zambiri, ndipo udzu ukungoyamba kumene kulowerera kuchokera m'mbali. Dzuwa linali likuwomba pamenepo chimodzimodzi ndi pabwalo ponse, lokwanira kuumitsa thumba lathunthu. Ndinaima pambali pake kanthawi. Njinga inadutsa ndi dengu la matemba, ndipo woyendetsa, mnyamata yemwe sindikum'dziwa, atafika pamenepo anakhotera tsidya lina la msewu.